Oyilo Woyamba Musamtaye Musanamuone

Awa ndi mau amene Mthandizi wa Ofesi ya Zofalitsa Nkhani analankhula pa msonkhano wa makalabu a alimi ndi eni magalimoto a kumudzi. Tawalemba monga momwe anawanenera, kuti amene sanafike nawonso amve.

 

Ambiri a inu ndinu akulu kwa ine, ndipo ena munayamba kuyendetsa galimoto ine ndisanabadwe. Kotero sindinabwere kudzakuphunzitsani kugwira chiwongolero ai. Ndabwera ndi nkhani imodzi yokha, yaing'ono poimva, koma imene ingapulumutse ndalama za thukuta la zaka ziwiri kapena zitatu. Nkhaniyo ndi iyi: injini ya galimoto ikamasulidwa ndi kumangidwanso, nchito imene amakaniko amaitcha ovaholo, oyilo woyamba kutuluka m'menemo asatayidwe mwini galimoto asanamuone.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona kwathu. Kalabu ina ya alimi inali ndi kagalimoto ka dizilo konyamula katundu. Kanali kutengera mtedza ndi soya kumsika, ndipo usiku munthu akadwala mwakayakaya, kapena nthawi ya mayi woyembekezera ikakwana, kagalimoto komweko ndiko kanali kuthamangira kuchipatala. Patapita zaka injini inatopa, niyamba kufuka utsi ndi kumwa oyilo ngati madzi. Anthu atagulitsa mbeu anasonkha ndalama, napita nayo kwa makaniko wina wa m'tauni. Inabwerako yopakidwa utoto watsopano, ikulira bwino, ndipo mudzi wonse unakondwa.

Patatha masabata atatu dalaivala anasintha oyilo monga anamuuzira. Anachita yekha kuseri kwa nyumba, dzuwa litalowa, ndipo oyilo wakaleyo anakamthira m'dzenje la zinyalala. Sabata yotsatira, ali pa chitunda ndi matumba a chimanga, injini inayamba kugogoda, niima. Poimasula anapeza kuti zitsulo za pansi zatheratu.

Pamenepo unabuka mlandu. A kalabu anati makaniko anadya ndalama naika zitsulo zakale. Makaniko anati dalaivala anasenzetsa galimoto katundu wopitirira muyeso. Dalaivala anati iye sanalakwe kanthu. Anapita nawo kwa mfumu, koma mfumu ikanaweruza bwanji? Mboni imodzi yokha imene inali m'kati mwa injini masiku onsewo, imene inaona zonse, inali itatayidwa m'dzenje. Madzi akatayika saoleka. Mpaka lero anthu aja sapatsana moni bwino, ndipo odwala a m'mudzi uja amapita kuchipatala pa ngolo.

CHIFUKWA CHAKE OYILO NDI MBONI

Pansi pa injini pali chibeseni chachitsulo chimene amachitcha sampu. M'menemo ndimo mukhala oyilo, malita 4 kapena 5 m'galimoto yaing'ono, ndi oposa apo m'malole. Injini ikamalira, pampu imakoka oyilo m'sampu kupyolera pa kasefa ka waya, nimkankhira m'sefa yaikulu imene amati fyuluta. Kuchokera apo oyilo amalowa m'tinjira toboola m'kati mwa injini, mpaka afike paliponse pamene chitsulo chiyenda pa chinzake. Akatha nchito yake amagweranso m'sampu, nayambanso ulendo womwewo.

Mtsinje umatenga dothi la m'minda yonse imene wadutsa, ndipo munthu wodziwa amatha kunena kumene mvula yagwa pongoona mtundu wa madzi. Oyilo nayenso ali chimodzimodzi. Chiri chonse chimene chikutha kapena kulowa m'injini, iye amachitenga. Galimoto ikaima, zolemera zimakhala pansi pa sampu monga nsenga m'mtsuko wa madzi. Nsenga zimenezo ndizo ndifuna tiphunzire kuwerenga.

Malo ofunika kuwadziwa ndi mabering'i. Kiranki, chitsulo chachikulu chimene mapisitoni amachizunguza, imagona pa tizitsulo topyapyala tooneka ngati theka la chibangiri. Mpata wa pakati pa kiranki ndi bering'i ndi waung'ono zedi, kawirikawiri suposa kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu. Mu mpata umenewo mumakhala oyilo, ndipo injini ikakhala bwino zitsulo ziwirizo sizikhudzana poyenda. Tsono ganizani: injini yozungulira ka 2,000 pa mphindi imazungulira koposa ka 30 pa sekondi imodzi. Kamchenga kamodzi kakalowa pamenepo, kadzalima mzere pa bering'i ngati khasu.

Wina anganene kuti, nanga fyuluta nchito yake nchiyani? Fyuluta imagwira zambiri ndithu, koma siigwira zonse. Oyilo amayamba wadutsa m'pampu asanafike ku fyuluta. Ndiponso pali kachitseko kamene kamatseguka pamene fyuluta yadzaza, kapena pamene oyilo walimba ndi kuzizira, kuti injini isasowe oyilo. Kakatseguka, oyilo amapita ku mabering'i wosasefedwa.

KACHITIDWE KAKE

Tsiku losintha oyilo woyamba mudzagwirizane ndi makaniko galimoto isanachoke pa galaja. Amakaniko ambiri amati zichitike galimoto itayenda makilomita a pakati pa 500 ndi 1,000. Patsikulo mwini galimoto akhalepo, dalaivala akhalepo, ndipo ngati nkotheka makaniko yemwe anamanga injiniyo akhaleponso. Nchitoyi ichitike masana, dzuwa likuwala, osati madzulo ndi nyali.

Zofunika ndi zinthu zimene ziri m'mudzi muno kale: beseni lotsukidwa bwino, makamaka loyera m'kati, nsalu yoyera yakale, botolo lagalasi la chitsekero, parafini pang'ono, tizidutswa tiwiri ta galasi la zenera, ndi maginito. Maginito mungawapeze kumbuyo kwa sipika ya wailesi yakufa. Ndipo ndikupemphani, munthu asalowe kunsi kwa galimoto imene yangokwezedwa ndi jeke yokha. Ikani zipika zolimba, ndi miyala ku matayala.

Choyamba, m'mawa galimoto itagona usiku wonse, pukutani bwino pamene pali bawuti lotulutsira oyilo, kuti fumbi la mumseu lisagwere m'beseni ndi kunamizira makaniko. Masulani bawutilo pang'ono chabe, nimuone madontho oyamba. Madzi ndi olemera kuposa oyilo, kotero ngati alimo, ndiwo adzayamba kutuluka. Mukaona, mangaponso.

Chachiwiri, lizani injini mphindi 10 kuti oyilo afunde ndi kusungunuka, nimuizimitse. Tsopano masulani bawuti lonse, oyilo agwere m'beseni lanu. Chenjerani, amaotcha. Bawutilo musalipukute msanga, pakuti mabawuti ena ali ndi maginito kunsonga kwake ndipo pamenepo pamakhala umboni.

Chachitatu, tengerani beseni padzuwa. Vundulani ndi kamtengo koyera, nimuyang'ane mopendeka. Kenaka lisiyeni maora angapo litavundikiridwa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Nsenga zitakhala pansi, tsanulirani oyilo wapamwamba m'chigubu pang'onopang'ono. Zotsala pansizo zithireni parafini ndi kuzisefa pa nsalu yoyera ija. Kulungani maginito m'kapepala ka pulasitiki, nimuwayendetse pamwamba pa zimene zatsala pa nsalu.

Chachinai, fyuluta yakale musaitaye. Iduleni kumutu kwake ndi lumo la malata. Musagwiritse sowo, chifukwa utuchi wa sowo udzagwera m'kati ndipo mudzadzinamiza nokha. M'kati mudzapeza pepala lopindapinda. Litambasuleni padzuwa, nimuyang'ane m'makwinya mwake.

ZIMENE SIZIYENERA KUKUDETSANI NKHAWA

Musaganize kuti oyilo woyamba adzatuluka woyera ngati wa m'sitolo. Pomanga injini, makaniko amakanda dala m'kati mwa masilinda ndi mwala wonolera, kusiya timizere topingasa tosunga oyilo. Maring'i atsopano a pisitoni amaperesa nsonga za timizereto mpaka zonse zitakhala bwino, monga momwe mpini watsopano umayamba wasalala ndi dzanja la mwini wake. Kuperesako kumatulutsa fumbi la chitsulo losalala kwambiri. Pa maginito limaoneka ngati matope otuwa kapena ubweya wofewa, ndipo padzuwa oyilo amanyezimira pang'ono. Mukalifikisa pakati pa zala silibaya, limangodetsa ngati mwaye. Limeneli si tsoka ai. Ndi chifukwa chake oyilo woyamba amasinthidwa msanga.

Chinanso ndi girizi. Makaniko wosamala amapaka mafuta olimba pa mabering'i ndi pa zitsulo zina pomanga, kuti zisayende zouma pa kuliza koyamba. Ena mwa mafutawa ndi otuwa moderapo, ndipo amatsikira m'sampu ngati phala. Mukawafikisa amatereka, ndipo m'parafini amasungunuka osasiya kanthu kolimba pa nsalu. Amenewa ndi chizindikiro cha nchito yabwino.

Chachitatu ndi kuda. Injini ya dizilo imadetsa oyilo msanga chifukwa cha mwaye wa dizilo woyaka. Oyilo angade patangopita masiku ochepa, koma kuda kokha sikunena kuti injini yaonongeka.

ZIMENE ZIYENERA KUIMITSA GALIMOTO

Tsopano mvetserani bwino, pakuti apa ndi pamene pagona ndalama zanu.

Mukaona tinthu tofiirira tonyezimira ngati waya wa magetsi, timene maginito satikoka, umenewo ndi mkuwa. Mabering'i ambiri ali ndi zigawo zitatu: kumsana chitsulo, pakati mkuwa wosakaniza ndi mtovu, ndipo pamwamba kachigawo kofewa kopyapyala. Mkuwa ukayamba kuoneka m'oyilo, kawirikawiri ndiye kuti kachigawo kapamwamba katha ndipo kiranki ikudya bering'i. Zifukwa zake zingakhale zingapo. Kiranki yakale amainola kuti ikhalenso yosalala, ndipo amachepetsa ndi muyeso wodziwika, monga 0.25 kapena 0.50 ya milimita. Mabering'i ayenera kugulidwa a muyeso womwewo. Akasiyana, mpata umakula kapena kuchepa, ndipo bering'i siikhalitsa. Mwinanso injini inalizidwa koyamba oyilo asanafike ponseponse, kapena munalowa litsiro. Mukaona mkuwa wochuluka, galimoto isayende ngakhale kukatunga madzi. Kusintha mabering'i pa nthawi imeneyo ndi ndalama zochepa. Kudikira mpaka injini igogode ndiko kugula kiranki ina, mwinanso injini yonse.

Mukaona tinthu toyera ngati zopala za poto, timenenso maginito satikoka, ameneyo ndi aluminiyamu. Amachokera ku mapisitoni amene akukhuza m'silinda chifukwa athina kapena injini inatentha kwambiri. Injini zambiri za masiku ano ziri ndi mabering'i a aluminiyamu, kotero tinthuto tingachokerenso kumeneko. Apanso galimoto iime.

Mukaona pa maginito tizitsulo tosongoka ngati minga kapena tophwatalala ngati mamba a usipa, timene chala chikutimva, limenelo si fumbi la maring'i lija. Chitsulo china cholimba chikutha, kawirikawiri cha kumtunda kumene kumatsegula mavalavu. Ndipo mukapeza chidutswa chachikulu, monga kanati, kawaya kokhota, kapena chobenthuka cha ring'i, musafunsenso wina aliyense. Sampu itsitsidwe.

Mukaona oyilo wotuwa ngati tiyi wamkaka, kapena madzi atuluka poyamba paja, ndiye kuti madzi a m'rediyeta akulowa m'oyilo. Kawirikawiri vuto limakhala pa gasiketi ya hedi. Hedi imene inapindika ndi kutentha iyenera kusalazidwa pa makina isanabwezedwe, ndipo mabawuti ake amamangidwa motsatana, ndi sipanala yoyeza mphamvu. Akangomanga ndi dzanja, gasiketi siigwira. Nthawi zina hedi yeniyeniyo inang'aluka. Kuti mutsimikize, onani ngati madzi akuchepa m'rediyeta popanda pamene akudontha, ndiponso ngati kumbuyo kukutuluka utsi woyera injini itatentha kale. Mungathenso kudonthetsa oyilo pang'ono pa chitsulo chamoto, kutali ndi galimoto. Oyilo wabwino amangofuka, koma wamadzi amathetheka monga madzi akagwera m'mafuta okazingira. Musayese izi ngati oyilo akununkha petulo. Musalawenso, pakuti mankhwala obiriwira kapena ofiira amene amathira m'rediyeta ndi otsekemera koma ndi poizoni, ndipo amapha ana ndi ziweto.

Komabe pano pali posiyanitsa. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, makamaka kumapiri monga ku Dedza, galimoto yoyenda timaulendo tatifupi imachita thovu lotuwa pang'ono kunsi kwa chitsekero chothirira oyilo. Amenewo ndi mame a m'kati mwa injini, ndipo amatha galimoto ikayenda ulendo wautali. Ngati oyilo wa m'sampu ali bwino ndipo madzi sakuchepa m'rediyeta, musamange makaniko chifukwa cha thovu limenelo.

Mukamva mchenga pakati pa zala, ikani nsengazo pakati pa magalasi awiri aja, nimufikise. Mwaye sumveka, koma mchenga umalira ndi kukanda galasi. Mchenga uli ndi njira ziwiri zolowera. Yoyamba ndi ya makaniko. Mwala wonolera uja umasiya fumbi lake m'masilinda, ndipo petulo kapena parafini salichotsa lonse. Masilinda ayenera kutsukidwa ndi madzi otentha a sopo ndi burashi, mpaka nsalu yoyera yopaka oyilo ituluke yosada. Ndiponso injini yomangidwa pabwalo, pa dothi, mphepo ya Ogasiti ikuwomba, imameza fumbi isanalire nkomwe. Njira yachiwiri ndi yathu eni ake. Miseu yathu ya dothi imafuka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ndipo sefa ya mpweya ikang'ambika, kapena paipi yake ikamasuka, fumbilo limalowa molunjika m'masilinda. Ena amathira oyilo ndi chigubu chimene chinagona pansi. Kotero mukapeza mchenga, yambani mwaona sefa ya mpweya musanaloze chala munthu.

Mukaona tinthu tofewa tonga nyongolotsi, tofiira, totuwa kapena takuda, timene titambasuka mukatikoka, ameneyo ndi silikoni, guluu uja amamata naye sampu ndi zivundikiro. Akapakidwa wochuluka, wina amafinyikira m'kati, nauma, nagwera m'oyilo. Payekha sakanda chitsulo, koma amakatseka kasefa ka waya ka pampu. Kakatsekeka oyilo sakwera, ndipo mabering'i amauma. Ulusi wa nsanza zopukutira umachitanso chimodzimodzi.

Mukaona matope akuda olimba ngati phula la mumseu m'injini imene yangomangidwa kumene, ndiye kuti litsiro lakale silinachotsedwe. Tinjira ta oyilo tija tiyenera kutsegulidwa ndi kutsukidwa ndi burashi. Injini zambiri za dizilo ziri ndi kachipangizo koziziritsa oyilo, ndipo ngati injini inafa ndi mabering'i poyamba, tizitsulo takale timabisala m'menemo ndi kudzatuluka pambuyo. Utoto wa kunja usakunyengeni. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Chotsiriza ndi fungo. Oyilo akakhala wamadzimadzi, akununkha dizilo kapena petulo, ndipo pa kachitsulo koyezera akukwera m'malo motsika, ndiye kuti mafuta oyendetsera akutsikira m'sampu. Angachokere ku manozo odontha, ku pampu ya mafuta, kapena ku maring'i amene sanakhale bwino. Oyilo wotere alibe mphamvu yolekanitsa zitsulo. Vutolo likonzedwe, ndipo oyilo asinthidwe.

MMENE WINA ANAPULUMUKIRA

Ndakuuzani za amene anataya mboni. Ndikuuzeninso za amene anaisunga. Amalume anga ali ndi galimoto yakale yonyamula anthu ndi katundu pa masiku a msika. Atamangitsa injini, anaumirira kuti oyilo woyamba atulutsidwe iwo ali pomwepo, ndipo ine ndinawagwirira beseni. Pa maginito panali matope otuwa okhaokha, ndipo tinakondwa. Koma posefa pa nsalu tinapeza tinyongolotsi tofiira tokwana kudzaza supuni yaing'ono.

Amalume sanakalipe. Anamuonetsa makaniko nsaluyo, nati, "Aphiri, tazionani izi. Kodi m'katimo zatha, kapena zatsalamo zina?" Makanikoyo anayang'ana, nakhala chete kanthawi, nati mnyamata wake ndiye anamata sampu ndipo anachulutsa guluu. Anatsitsa sampu tsiku lomwelo osalipiritsa. Kasefa ka pampu kanali katatsekeka koposa theka. Anakatsuka, nabwezera, ndipo galimotoyo ikuyendabe. Amalume anataya tsiku limodzi la msika. A kalabu aja anataya injini, ndalama ndi chibale.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

Mukakaika ngati zimene mwaona ndi zabwino kapena zoipa, ndipo mulibe mkuwa, madzi kapena zidutswa, pali njira yodziwira. Thirani oyilo watsopano ndi fyuluta yatsopano, muyende makilomita ena 500, nimuonenso monga poyamba. M'injini yabwino nsenga zimachepa ulendo wachiwiri, ndipo wachitatu zimatsala pang'ono kutha. M'injini yodwala zimakhala chimodzimodzi kapena kuchuluka. Pa masiku onsewo diso likhale pa kanyali kofiira ka oyilo. Kakayaka galimoto ikuyenda, imani pomwepo ndi kuzimitsa. Musanene kuti ndifike kaye pa sitolo paja. Ena amachotsa babu la kanyaliko kuti lisawavute. Kumeneko kuli ngati kumanga pakamwa galu wolonda nkhuku.

Nsenga zimene mwapeza muziike m'botolo, pamodzi ndi nsalu ndi pepala la m'fyuluta. Pa botolopo mulembe tsiku ndi makilomita amene galimoto yayenda. Apa ndipempha aphunzitsi ndi alembi a makalabu kuti athandize. Kalabu iri yonse ikhale ndi kabuku ka galimoto, kolembamo tsiku la ovaholo, zitsulo zimene zinagulidwa, muyeso wa mabering'i, ndi tsiku liri lonse losintha oyilo. Mupemphenso makaniko akubwezereni zitsulo zakale zimene wachotsa, ndi mabokosi a zatsopano. Makaniko wokhulupirika sakana zimenezi, pakuti zimatchinjiriza iye yemwe.

Ndinene mau amodzi m'malo mwa amakaniko, popeza ena ali nafe pano. Si injini iri yonse yofa msanga imene inaphedwa ndi makaniko. Ife eni ake tiri ndi mbali yathu. Injini yomangidwa kumene siyenera kusenza katundu wodzaza pa makilomita 1,000 oyamba. Siyenera kuthamangitsidwa kwambiri, kapena kukwera chitunda ndi giya yolemera ikubuula, kapena kusiyidwa ikulira pamalo amodzi kwa maora. Ndipo munthu amene walipira ovaholo, nakagula oyilo wa m'mabotolo osatsekedwa a m'mbali mwa mseu, wafanana ndi wogula ng'ombe ya mkaka naimwetsa madzi a m'chithaphwi. Gulani oyilo wa m'chigubu chomata, wa mtundu umene buku la galimoto linena. Beseni lija silikondera: lidzanena za makaniko, lidzanenanso za inu.

Mukatha kuona, oyilo wakaleyo musamthire pafupi ndi chitsime, mjigo kapena dimba, pakuti amalowa pansi ndi kuononga madzi. Musampake pa zilonda za anthu kapena za ziweto monga ena amachitira. Msungeni m'chigubu chotseka kumene ana safikako, nimukampereke ku galaja. Ndipo sambani m'manja ndi sopo musanadye.

Abale anga, zimene ndanenazi zikugwiranso pa injini ya chigayo, ya thirakitala ndi ya pampu yothirira mbeu, pakuti zonse ziri ndi sampu ndipo zonse zimadya ndalama zikafa. Sizifuna sukulu yapamwamba. Mayi amene amadziwa kupeta mpunga ndi kuchotsamo timiyala angathe kusiyanitsa mwaye ndi mchenga pa nsalu yoyera. Chofunika ndi kukhalapo patsikulo, ndi beseni loyera, dzuwa likuwala.

Pa tebulo apa ndaika mabotolo anai a nsenga zosiyanasiyana, maginito ndi magalasi awiri. Tikatha mafunso, bwerani mudzagwire ndi zala zanu, kuti tsiku limene mudzaziona pansi pa galimoto yanu musadzakhale alendo.